Kodi azungu nawonso anali akapolo ku America?

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso, makamaka kwa aphunzitsi a Mbewe ngati sanagone. Dzulo ndinali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Bristol. Cha m'ma 3 koloko tikumwa tiyi ndi mnzanga wina wachizungu, agogo ake anachokera ku Ireland, nkhani inafika pa chiboliboli cha Edward Colston, wamalonda a akapolo wa kuno, chija anachiponya m'madzi mu 2020. Iye akuti, "Inu mumalira kwambiri. Ife a ku Ireland tinagulitsidwanso ku Barbados koma sitigwetsa ziboliboli." Ine ndinangoti kakasi. Ndinaseka mwaulemu basi, koma zandidya tsiku lonse. Kodi n'zoona zimenezi?

Kondwani: Mukanamuuza kuti nayenso akagwetse chake achemwali, ziboliboli sizinathe kumeneko kkkk

Bambo a Tadala: Mnzanuyo sananame. Ine ndinawerenga pa Facebook kuti akapolo oyamba ku America anali azungu, ndiponso kuti munthu woyamba kukhala ndi kapolo kumeneko anali wakuda ngati ife. Izi kusukulu satiuza.

NaPhiri: A bambo a Tadala, Facebook yake yomwe ija munatitengerako zoti adyo amachiza matenda a shuga?

Bambo a Tadala: Mayi NaPhiri, za adyo tinamaliza.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndilipo mwanawe, magetsi angoyaka kumene, foni inali itazima. Mnzakoyo wagwira mbuzi kumchira, nyanga sanazione. Azungu ambiri anavutikadi m'minda ya ku Virginia, dera la ku America, ndi pa chilumba cha Barbados. Koma dzina la chimene iwo anali si ukapolo. Anali antchito a kontirakiti, ndipo ndikufuna uione kontirakitiyo ndi maso.

Angerezi anamanga mudzi wa Jamestown mu 1607 n'kumafa ndi njala, mpaka John Rolfe anayesa kulima fodya cha mu 1612 ndipo fodyayo anayenda malonda ku London. Aliyense wa ku Kasungu kapena ku Mchinji pagulu pano akudziwa kuti fodya amadya manja: nazale, kuwokera, kupalira, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa. Malo analipo ambiri, olanda kwa eni nthaka, koma manja kunalibe. Ku England nakonso kunali achinyamata miyandamiyanda opanda ntchito, opanda ya sitima. Ndiye anakumana pakati. Mwini munda akulipirira ulendo, iwe umugwirira ntchito zaka 4 mpaka 7 osalandira kanthu, kungodya ndi kugona. Mgwirizanowo ankaulemba kawiri pa pepala limodzi, n'kulidula pakati mokhotakhota ngati mano a sowo, aliyense n'kutenga mbali yake. Tsiku la mlandu mapepala awiriwo ankawalumikiza, mano akalumana ndiye kuti ndi enieni. Dzina lachingerezi la antchito amenewa, indentured, lachokera pa mano amenewo.

Kuyambira mu 1618, aliyense wolipirira munthu mmodzi ulendo ankapatsidwa maekala 50. Ukabweretsa antchito 20, maekala 1,000 ndi ako, manja olimira uli nawo kale. Oposa theka la azungu onse amene anapita kumadera amenewo m'zaka zimenezo anapita motere.

Madalitso: Ndiye kuti ankapita mwakufuna kwawo, aphunzitsi?

Aphunzitsi a Mbewe: Ena. Ena ankanamizidwa, ena kuledzeretsedwa n'kudzuka sitima ili pakati pa nyanja. Mu 1619 mzinda wa London unatola ana 100 oyendayenda m'misewu n'kuwatumiza ku Virginia. Pali kalata ya mnyamata wina, Richard Frethorne, ya mu 1623, yolembera bambo ndi mayi ake. Ndinkaiwerengera ana a Fomu 3 ndipo kalasi inkakhala chete. Akudandaula kuti chakudya chake ndi nsawawa ndi phala lamadzimadzi, kuti buledi wa kobiri limodzi amagawana anthu anayi, kuti zimene ankadya tsiku limodzi kwawo zinkaposa zimene akumupatsa sabata yonse. Mnzake anamubera chijasi n'kukasinthanitsa ndi chakudya pa sitima. Akupempha makolo kuti amuwombole, kapena amutumizire tchizi ndi nyama kuti agulitse. Kwawo sanabwerere.

Za anthu a ku Ireland nazonso n'zoona. Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a ku England, atagonjetsa dziko lawo kuyambira mu 1649, anthu zikwizikwi anakwezedwa sitima mokakamiza kupita ku Barbados, kumene nzimbe zinali zitangoyamba kulemeretsa azungu. Mngerezi wina, Richard Ligon, amene anakhala pa chilumbacho kuyambira 1647 mpaka 1650, analemba kuti nthawi zina antchito a kontirakiti ankazunzika kuposa akapolo, chifukwa bwana ankadziwa kuti ali nawo zaka zisanu zokha.

Bambo a Tadala: Mwamvatu. Kuposa akapolo. Si ine ndanena, ndi aphunzitsi.

NaPhiri: Ng'ombe yobwereka ndi imene amailimitsa mpaka dzuwa kulowa. Koma sizitanthauza kuti ya m'khola ili pa ufulu.

Aphunzitsi a Mbewe: Mayi NaPhiri andilanda mawu m'kamwa. A bambo a Tadala, khalani kaye pansi, ndikuuzeni za anthu atatu.

Mu 1640 antchito atatu a mlimi wina dzina lake Hugh Gwyn anathawa ku Virginia kulowera ku Maryland. Anagwidwa n'kubwezedwa. Woyamba Victor, wa ku Holland. Wachiwiri James Gregory, wa ku Scotland. Wachitatu John Punch, wa ku Africa. Bwana mmodzi, tsiku lothawa limodzi, mlandu umodzi, khoti limodzi. Onse anakwapulidwa zikoti 30. Azungu awiriwo anawawonjezera zaka 4: chimodzi kwa bwana wawo, zitatu kugwirira boma. John Punch anamuweruza kuti atumikire bwana wake moyo wake wonse.

Tiyamike, ukapita ku ntchito umufunse mnzakoyo kuti pa atatuwa agogo ake akanakhala uti.

Kondwani: Eee. Zikoti zofanana, chilango chosiyana.

Tiyamike: Ndalemba dzinalo pa kapepala. Koma aphunzitsi, ndiye kuti 1640 isanafike anthu akuda sanali akapolo kumeneko?

Aphunzitsi a Mbewe: Ku Brazil ndi kumadera a Asipanishi ukapolo unali utakhazikika kale zaka pafupifupi 100. Ku Virginia anthu oyamba a ku Africa anafika mu Ogasiti 1619, oposa 20, pa sitima yotchedwa White Lion. Sitimayo inawalanda panyanja kwa Apwitikizi amene ankachokera nawo ku Luanda kupita ku Veracruz, ndipo inawasinthanitsa ndi chakudya pa Point Comfort. Sanasaine pepala lililonse, anabwera ngati katundu. Kungoti lamulo la ku Virginia linali lisanalembe kuti kapolo ndi ndani, ndiye panali timipata. Ena anadutsa m'timipata timeneto n'kukhala mfulu. Zimene zinachitika pa zaka 60 zotsatira ndi kumata timipatato kamodzikamodzi, ngati munthu akuzira nkhokwe.

Madalitso: Apa ndilowerepo aphunzitsi, chifukwa mlandu umodzi tinaukambirana m'kalasi ya zamalamulo chaka chatha. Elizabeth Key. Mayi ake anali kapolo wa ku Africa, bambo ake Thomas Key, mzungu, membala wa nyumba ya malamulo ya ku Virginia. Mu 1656 anapita kukhoti ndi mfundo zitatu. Bambo ake anali Mngerezi mfulu, ndipo ku England mwana amatsata bambo. Iye anali wobatizidwa. Komanso zaka zimene bambo akewo anamuika pa ntchito zinali zitatha kalekale. Anapambana, iye ndi mwana wake, ndipo pambuyo pake anakwatiwa ndi loya wake yemweyo, William Grinstead.

Patangopita zaka 6, mu 1662, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti mwana aliyense wobadwira ku Virginia akhale kapolo kapena mfulu potengera mayi ake. Anatembenuza lamulo la kwawo lomwe chifukwa cha anthu ngati Elizabeth.

NaPhiri: Dikira kaye Mada. Mwana kutsata mayi? Si zakwathu zimenezo? Ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi tambala, amangolira n'kupita.

Kondwani: Azibambo a pagulu tatukwanidwa kkkk

Madalitso: Anti, n'chifukwa chake nkhaniyi inandikhudza kuposa anzanga a kumpoto. Kwathu mwana akatsata mayi ndiye kuti wapeza mbumba, wapeza malume womuimira pa mlandu, wapeza munda. Kumeneko kutsata mayi kunali kutsata mwini wa mayiyo. Bwana akagona ndi kapolo wake, mwana wobadwayo sankakhala mlandu kwa iye, ankakhala phindu. Magazi ake omwe ankatha kuwagulitsa, lamulo lili kumbali yake. Pamene mtsikana wachizungu wa kontirakiti akatenga mimba, ankamuwonjezera zaka 2, mwanayo ankatha kuikidwa pa ntchito ali wamng'ono, koma akakula ankatuluka mfulu.

NaPhiri: Ndiye mzimayi akamamva mwana akusuntha m'mimba akudziwa kuti akuberekera khola la wina. Mayo ine.

Che Jafali: Moni kwa nonse, ndimangowerenga. Mayi NaPhiri, ndinene chinthu chimene ena sachikonda. Kwathu kunonso anthu anaupeza mpata womwewo, koma chakumbuyo. Agogo anga ku Mangochi ankasimba kuti kale mwamuna wachuma ankakonda kukwatira mdzakazi, chifukwa mdzakazi alibe mlongo wake woti abwere kudzati ana awa ndi anga. Ana a mkazi mfulu ndi a malume awo, ana a mdzakazi ndi a bambo. Mudzi unkakula choncho. Ndiye ku Virginia anachotsa bambo, kuno ankachotsa malume. Kulikonse wofuna kukhala ndi munthu ngati chuma amayamba wadula amene akanamuitanitsa.

NaPhiri: Zoona Che Jafali. Kwathu ku Mchinji mpaka lero pali mabanja amene pa maliro a mfumu sayankhula, ndipo akuluakulu amadziwa chifukwa chake. Ana sitimauzidwa, timangoona.

Bambo a Tadala: Ndiye mukuvomereza kuti ukapolo sanayambitse ndi azungu. Ifenso tinkagulitsana.

Che Jafali: Palibe wakana, achimwene. Ine ndine Myao, mbiri ya Makanjira ndi Mponda ndikuidziwa, ya Jumbe ku Nkhotakota ndikuidziwa. Koma funso la mlongo wathu ku Bristol ndi lina.

Abusa a Kamanga: Mtendere kwa nonse. Mada watchula ubatizo, ndiye ndisabisale. Chimene chimandichititsa manyazi ine monga mbusa ndi lamulo la 1667. Kalelo Angerezi ankakhulupirira kuti Mkhristu sangasunge Mkhristu mnzake ukapolo, choncho eni minda ankakaniza akapolo kubatizidwa poopa kuluza chuma. M'malo moti mpingo unene kuti amasuleni, nyumba ya malamulo inalemba kuti ubatizo susintha kanthu pa ukapolo wa munthu, kuti mabwana azibatiza akapolo awo mtima uli m'malo. Madzi omwewo, dzina lomwelo la Atate, koma goli lili pomwepo.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndipo patapita zaka 2 zokha abusa, mu 1669, anawonjezera lina: kapolo akafa pamene bwana wake akumulanga, si mlandu wakupha. Chifukwa chake anachilemba poyera, kuti palibe munthu angawononge dala chuma chake. Wantchito wa kontirakiti ukafuna kumukhaulitsa unkamuwonjezera zaka. Kapolo ulibe zaka zomuwonjezera, zonse unatenga kale, chatsala ndi thupi lake.

Bambo a Tadala: Chabwino. Koma za wakuda uja anali ndi kapolo simunayankhe. Mukuzemba.

Aphunzitsi a Mbewe: Sindikuzemba, ndimamwa mankhwala a BP. Munthuyo analipodi, dzina lake Anthony Johnson. Anafika mu 1621, m'mabuku anangomulemba kuti Antonio. Anadzakhala mfulu, anakwatira Mary, ndipo pofika 1651 anali ndi maekala 250. Mu 1655 khoti linagamula kuti munthu wakuda wotchedwa John Casor ndi wake moyo wonse, ngakhale Casor ankati zaka zake zinatha. Zimenezo n'zoona ndipo sindimuyeretsa. Koma werengani zaka, a bambo a Tadala. John Punch ndi 1640, Casor ndi 1655. Woyamba ndani? Hugh Gwyn anali wakuda?

Ndipo a pa Facebook aja sakuuzani mathero ake. Johnson atamwalira mu 1670, khoti linagamula kuti malo ake otsala ku Virginia asapite kwa ana ake, chifukwa munthu wakuda ndi mlendo m'dzikomo. Munthu wakhalamo zaka pafupifupi 50. Mdzukulu wake anadzagula maekala 44 ku Maryland mu 1677, ndipo mundawo anautcha Angola.

Tiyamike: Angola. Mdzukulu woti sanakuoneko n'komwe.

Bambo a Tadala: Za malozo sindinazimve. Koma mfundo yanga ikadalipo, kuti ndalama ilibe khungu.

Madalitso: Ndalama ilibe khungu, koma anthu a ndalama anapeza kuti khungu limawathandiza kusunga ndalama. Mzungu akathawa ankangosintha dzina n'kusowa pakati pa azungu anzake. Wakuda athawira kuti?

Tiyamike: Chimene sindikumvetsa n'chakuti ngati azungu a kontirakiti analipo, otchipa, bwanji anawasiya?

Aphunzitsi a Mbewe: Zifukwa zinakumana zingapo. Poyamba anthu ankafa msanga ku Virginia, malungo ndi kamwazi, moti kugula munthu wa moyo wonse pa mtengo wokwera kunali kutaya ndalama, pakuti mwina zaka zisanu sazimaliza. Imfa zitachepa, masamu anatembenuka. Chachiwiri, ku England malipiro anakwera, makamaka mliri wa 1665 ndi moto wa ku London wa 1666 zitadutsa, achinyamata anayamba kupeza ntchito kwawo konko. Chachitatu, omaliza kontirakiti anachuluka, malo abwino akuluakulu atatenga kale, anyamata okwiya ali ndi mfuti. Mu 1676 Nathaniel Bacon anawasonkhanitsa, azungu osauka pamodzi ndi akapolo akuda, n'kutentha Jamestown, bwanamkubwa William Berkeley atathawa. Musamuyese ngwazi Bacon ameneyu, chimene ankafuna kwenikweni ndi chilolezo chopha eni nthaka n'kutenga malo awo. Anafa ndi kamwazi chaka chomwecho. Koma eni minda anaona ndi maso awo chimene chimachitika osauka a makungu awiri akagwirizana.

Pofika 1705 anasonkhanitsa malamulo onse a akapolo kukhala limodzi. Tamvani zimene analembamo. Mwamuna wachizungu akamaliza kontirakiti apatsidwe mabushelo 10 a chimanga, ndiye ngati matumba asanu athuwa, mashiling'i 30, ndi mfuti ya gogodela. Mzungu wantchito asakwapulidwe ali maliseche popanda chilolezo cha woweruza. Kapolo asagwire mfuti, asachoke pamunda popanda kalata, ndipo ziweto zake zilandidwe, zigulitsidwe, ndalamazo zithandize amphawi a mpingo. Amphawi ake ati? Achizungu.

Kondwani: Wina akupatsidwa mfuti, wina akulandidwa mbuzi. Ndipo wa mfutiyo ndi amene azilondera wa mbuziyo.

Aphunzitsi a Mbewe: Ukanakhala wotere m'kalasi, Kondwani, sukanabwereza Fomu 2.

Kondwani: Aphunzitsi pagulu pali akazi anga 😭

Tiyamike: Kkkk. Nanga Colston wathu uja akulowa pati?

Aphunzitsi a Mbewe: Pa sitima. Akapolo sakanachuluka popanda wowabweretsa. Kampani ya Royal African Company inapatsidwa chilolezo ndi mfumu mu 1672, mkulu wake anali James, mng'ono wa mfumu Charles II, amene anadzakhalanso mfumu. Anthu ankawadinda ndi chitsulo chamoto pachifuwa, zilembo za kampani. Colston analowamo mu 1680 n'kukwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu. Pa zaka 12 zimene anali momwemo, kampaniyo inanyamula anthu pafupifupi 84,000, ndipo pafupifupi 19,000 anafera panyanja. Sitima inkachoka ku England ndi nsalu, mfuti, mowa ndi zitsulo, ku Africa n'kunyamula anthu, ku America n'kunyamula shuga ndi fodya kubwerera kwawo. Sinkayenda yopanda kanthu mbali iliyonse.

Tiyamike: Chibolibolicho ndinakachiona ku M Shed, nyumba yosungira zinthu zakale kuno ku Bristol, ndi mwana wanga. Sanachiimike, anachigoneka chagada, penti wofiira ndi wabuluu akadali pomwepo. Mwana anandifunsa kuti bwanji bamboyu wagona. Pafupi ndi pamene anachiponyera pali mlatho wotchedwa Pero, dzina la kapolo amene bwana wake anabwera naye kuno kuchokera pa chilumba cha Nevis. Ndakhala ndikuwoloka pamenepo zaka zitatu osadziwa.

Bambo a Tadala: Zonsezi ndi za anthu a ku Nigeria ndi Ghana. Ife athu anapita ku Zanzibar ndi Aluya. Tikulirira maliro a eni ake.

Kondwani: Apa ndiye ayi, bambo. Ine ndimagwira ntchito m'munda wa maluwa kuno ku Cape Town, kumtunda kwa Clifton, kumene nyumba imodzi ingagule boma lonse la Ntchisi. Pansi pa gombe limenelo pali sitima ya Apwitikizi, São José. Inanyamuka pa chilumba cha Mozambique mu Disembala 1794 ndi anthu oposa 500 kupita ku Brazil, n'kusweka pamiyala pa 27 Disembala. Kaputeni ndi antchito ake onse anapulumuka. Anthu oposa 200 anamira, gombe akuliona. Otsalawo anawagulitsa konkuno. Anaitsimikiza mu 2015, atapeza zitsulo zolemetsera sitima, chifukwa anthu salemera ngati migolo ndiye ankawonjezera zitsulo pansi kuti isapendekeke. Ndikamathirira maluwa ndimaona malowo, anthu akusambira.

Aphunzitsi a Mbewe: Kondwani wanena zoona. Pa anthu pafupifupi 12.5 miliyoni amene anakwezedwa sitima kuwoloka Atlantic, ofika amoyo anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Opita molunjika kumene lero ndi United States sanakwane 400,000. Brazil yokha inalandira pafupifupi 5 miliyoni. Ndipo pafupifupi theka la miliyoni anachokera mbali yathu ino, makamaka kudzera ku Quelimane ndi chilumba cha Mozambique, kwambiri 1800 itadutsa pamene Angerezi anayamba kulondera gombe la kumadzulo. Quelimane ili pafupi ndi mathiriro a Zambezi, ndipo Shire amathira mu Zambezi. Ku Rio de Janeiro onsewo ankangowatcha Moçambiques, kaya ndi Mmakua, Msena, Myao kapena Mmang'anja.

Ndikupatseni umboni wina umene ndimaukonda. Mmishonale wa ku Germany, Sigismund Koelle, ankagwira ntchito ku Freetown ku Sierra Leone, kumene Angerezi ankatsitsa anthu olanditsidwa pa sitima za akapolo. Anafunsa anthuwo mawu a zinenero zawo n'kusindikiza mu 1854. Mmodzi dzina lake anali Mateke, ndipo chinenero chake anati ndi cha Maravi. Mukawerenga mawu akewo, ndi athu omwewa. Zaka ziwiri iye ankati dzaka dziwiri.

NaPhiri: Dzaka dziwiri! Apongozi anga a ku Chikwawa amatero mpaka lero. Ndimawaseka.

Aphunzitsi a Mbewe: Musiye kuwaseka mayi. Nthawi yomweyo kufupi ndi Mombasa mmishonale wina, Johannes Rebmann, ankalemba mawu a Salimini, wogwidwa ukapolo cha ku Lilongwe kuno. Mabuku awiri mwa oyambirira kusunga chinenero chathu, limodzi kumadzulo kwa Africa, lina kum'mawa, onse anachokera pakamwa pa anthu ogulitsidwa.

Bambo a Tadala: Mateke ameneyu anali wa mudzi uti? Mwina ndi wathu.

Kondwani: Taonani, maliro aja asanduka awo kkkk

Che Jafali: Ine ndiwonjezere za kuno ku Durban, chifukwa kontirakiti ija sinafere ku Virginia, inadzukanso. Angerezi atathetsa ukapolo ndi lamulo la 1833, boma lawo linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipepeso. Kwa eni akapolo, osati kwa akapolo. Omasulidwawo anawauza kuti agwirebe ntchito kwa mabwana omwewo ngati ophunzira ntchito, mpaka 1838. Munthu wadula nzimbe zaka 30 akuti aphunzire kudula nzimbe. John Gladstone, bambo wa nduna yaikulu ija William Gladstone, analandira zoposa mapaundi 100,000, ndipo mu 1838 yomweyo anaitanitsa Amwenye a kontirakiti kuminda yake ku Guyana. Kuno ku Natal sitima yoyamba, Truro, inafika mu Novembala 1860, ndipo pofika 1911 anali atabwera oposa 150,000. Zaka zisanu, mashiling'i 10 pamwezi. Mawu oti agreement ankalephera kuwatchula, ankati girmit, ndipo adzukulu awo ku Fiji mpaka lero amatchula makolo awo ndi dzina limenelo.

Chimene chinandidabwitsa ndi anthu amene ndimaswali nawo ku Chatsworth. Amawatcha Mazanzibari koma ndi Amakua, ena ndi Ayao. Makolo awo analanditsidwa pa zombo za Aluya, oyamba anafika mu 1873. Atawatsitsa, omasulidwawo anawasainitsa kontirakiti ya zaka zisanu. Nkhalamba ina itamva ndikuyankhula Chiyao pa foni inandigwira mkono osafuna kundisiya.

NaPhiri: Ndiye matenanti a m'maesiteti a fodya kwathu kuno tiwaike pati? Munthu amutenga pa lole ku Mulanje, chimanga chodya n'changongole, feteleza ngongole, khasu ngongole, fodya akagulitsidwa akumuuza kuti watsala ndi ngongole, alimenso. Ndinawaona ndi maso anga ana awo akubwera kuchipatala atatupa. Ine ndimati ukapolo basi.

Abusa a Kamanga: Ndi thangata yemwe John Chilembwe anafera mu 1915. Ndipo iye anaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia komweko, pakati pa ana a akapolo.

Tiyamike: Ngakhale ifeyo kuno. Viza yanga yamangidwa pa bwana mmodzi. Akandichotsa ndili ndi masiku 60 opezera wina, apo ayi ndege. Mnzanga wina analipira ejenti mamiliyoni, atafika ntchito kulibe. Timati tikakumana timanena kuti ndife akapolo.

Madalitso: Achemwali, pepani, koma apa mukuchita zomwe anachita mzungu wanu uja. Zanuzo n'zowawa ndipo zikufanana kwambiri ndi za Richard Frethorne, pepala lokumanga pa munthu mmodzi chifukwa cha ulendo. Za matenanti nazonso, anti, mwina kuposa pamenepo, n'chifukwa chake boma linauletsa utenanti mu 2021, ngakhale m'midzi sunathe. Koma mwana wanu uja munapita naye ku M Shed ndi wa ndani? Bwana wanu akafa, kodi dzina lanu lilembedwa pa chuma chamasiye pakati pa ng'ombe ndi mapoto?

Tiyamike: Wandigwira pakhosi mphwanga. Koma usadzandiuze zimenezo ndikuchokera ku shifiti ya maola 12.

NaPhiri: Ine pa matenanti sindikusuntha. Mwana wobadwira pa esiteti, sukulu osapita, akukula n'kukhala tenanti pomwepo, lamulo lisalembe koma mimba yalemba.

Madalitso: Pamenepo sinditsutsa kwambiri anti. Kungoti akathawa usiku, boma silituma apolisi ndi agalu kukamubweza.

NaPhiri: Athawa ndi chiyani, ya basi alibe?

Aphunzitsi a Mbewe: Awiri inu mupitirize mawa, ine maso akuwawa. A bambo a Tadala, tsamba la Mateke lija ndili nalo pa fotokope penapake m'katoni, ndikalipeza ndijambula.

Tiyamike: Mwadzuka bwanji. Ndangofika kunyumba. Ndinamuuza mnzanga uja za anthu atatu aja, nthawi ya tiyi yomweyo. Anakhala chete, kenako anati agogo a agogo ake anathamangitsidwa pamunda nthawi ya njala ya mbatata ya m'ma 1840, ndipo palibe anawapepesa. Ndinati ndikudziwa, ndipo amene anawachita zimenezo ndi boma lomwelo linalipira Gladstone. Anandipempha kuti ndimulembere dzina la John Punch, ndinamupatsa kapepala kaja. Kenako belu la chipinda 12 linalira, tinapita tonse awiri kukawatembenuza agogo aja.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi, katoni ija mwaipeza?

Aphunzitsi a Mbewe: Ndaipeza, koma chiswe chinayamba kuwerenga ine ndisanafike. Ndifunsa mnzanga ku Zomba.